Wopenta Theka la Mlatho

Achimwene anga a Bien ankapenta mlatho. Osati wonse ayi, theka lokha. Theka linalo linali la dziko lina, ngakhale kuti matabwa ake anali amodzimodzi, ndipo madzi oyenda pansi pake anali a Ben Hai yemweyu amene tonse tinasambamo tili ana. Alendo obwera pa mabasi kudzajambula zithunzi akamva zimenezi amaseka. Aseke, nanga ndiwaletsa? Ineyo kuseka nkhani imeneyi ndinalephera kalekale.

Kwathu kwenikweni ndi kutsidya, kummwera kwa mtsinje. Ine Sen ndinakwatiwa kuno kumpoto ndili mtsikana, ndipo masiku amenewo kukwatiwa kutsidya sikunali nkhani: mphika uli pamoto, ndawoloka kukapempha mchere kwa mayi, ndabwerako usanapserere. A Bien anatsala kumudzi ndi mayi. Ntchito yawo inali yopenta mabwato ndi mabokosi a maliro, ndipo anali ndi diso loti akaona mtundu kamodzi, ausakaniza osaphonya. Kupatula apo anali munthu wozizira, woti nkhuku ikamajompha mpunga m'mbale mwawo iwo n'kuisendezera malo. Zinkandipsetsa mtima kuyambira tili ana.

Nkhondo ya Afalansa itatha mu 1954, akuluakulu a maiko anakakhala pa tebulo ku Geneva. Aamerika ankaopa kuti dziko lathu likalowa chikomyunizimu, maiko oyandikana nalo atsatira limodzilimodzi. Arasha ndi Matchaina ankaopa kuti likakhala m'manja mwa Aamerika, mizinga ifika pakhomo pawo. Poopana chonchi anatenga pensulo n'kulemba mzere, mzerewo n'kugwera pa mtsinje wathu. Mwa onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapondapo matope a kuno. Mwambi wa njovu zomenyana uja musandiuze, udzuwo ndinali ine.

Anati aliyense amene anathandiza asilikali a kumpoto awoloke, adikire zaka ziwiri, kudzakhala chisankho ndipo dziko lidzalumikizana. A Bien sanagwirepo mfuti. Anangosenzako mpunga wa asilikali miyezi itatu, koma kumudzi aliyense ankadziwa, ndipo kutsala kunali kudziika yekha m'kamwa mwa ng'ona. Anali atangokwatira mlamu wanga Lua, miyezi inayi yokha. Kupita onse sikukanatheka, chifukwa mayi anakana kusiya manda a bambo, ndipo kwathu kuno wosamala nkhalamba ndi mkazi wa mwana wamwamuna.

Ndinapita ndi bwato kukawatenga a Bien. Padoko panali anthu ambiri, ndipo amuna onse onyamuka ankakweza zala ziwiri, kutanthauza zaka ziwiri. A Bien nawo anakweza zawo.

“Tsitsa zalazo ugwire nkhafi,” anatero mayi. “Mlongo wako akupalasa yekha.”

Lua anawapatsa a Bien kaphukusi ka mpunga wokulunga m'masamba a nthochi. Sanalire, anali mtsikana wa nthabwala zake.

“Malaya anu a ukwati aja ndawasiya dala,” anatero. “Ndikukudziwani inu, sabata isanathe mukhala mutawathimbiriza ndi penti. Ali m'bokosi, mudzawapeza.”

Zaka ziwiri zinakwana, chisankho osachitika. Akummwera anati akumpoto abera, akumpoto anati akummwera akuopa kugonja. Pakati pa mlatho analemba mzere woyera, uku apolisi athu, uko apolisi awo. Mbali zonse anaimika zimkuzamawu zikuluzikulu zotukwanirana kuyambira m'mamawa, moti nkhuku zathu zinasiya kuikira. Kenako kunabwera nkhondo ya penti.

Tsiku lina tinadzuka n'kuona theka lawo la mlatho alipenta mtundu wa khofi. Mkulu woyang'anira mlatho mbali yathu, a Truc, anafika kunyumba kwanga thukuta lili kamukamu, pakuti a Bien ankagona kuseri kwa khitchini yanga.

“Mwaona zimene achita? Akufuna dziko lapansi lione maiko awiri. Ife tionetsa kuti dziko ndi limodzi. A Bien, mtundu umenewo mungausakanize?”

“Ndingathe. Nanga akasintha?”

“Tisinthanso.”

“Akasinthanso?”

“Kodi inu muli mbali iti?” anafunsa a Truc, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Anasinthadi, kangati konse sindikumbuka. Iwo kubiriwira, ife kubiriwira. Iwo chikasu, ife chikasu. Zitini zathu zinali ndi zilembo za Chirasha, zawo za Chingerezi, ndipo a Bien ankati fungo lake ndi limodzi. Anthu tinkadya chinangwa chosakaniza ndi timpunga towerengeka, koma mlatho sunasowepo penti. Zitsulo zake zinanenepa ndi penti ife tikuwonda.

Musaganize kuti a Bien ankaikonda ntchitoyo chifukwa cha dziko. Munthu ukaima pafupi ndi mzere woyera uja unkaona bwinobwino doko la kumudzi kwathu, ndipo Lua ankachapa pamenepo m'mawa uliwonse. Kukweza dzanja sakanayerekeza. Akazi a amuna opita kumpoto ankalondedwa, kuitanidwa kawirikawiri kukafunsidwa mafunso, kuuzidwa kuti asaine pepala lokana amuna awo ndi kukwatiwanso. Kalata yochokera kumpoto ikanangomutengera kundende. Ndiye anthu a mbali ziwirizi tinaphunzira kulankhulana ndi zovala. Lua akayanika buluku lakuda la mayi pamwala, ndiye kuti mayi ali bwino. Akavula chipewa n'kudzikupiza nacho kawiri, ameneyo ndi moni wa kwa mwamuna wake. A Bien ankayankha pogogoda burashi pa chitini kawiri, ngati akukutumula penti. Ine ndinkachapa padoko la mbali yathu, ndikuonerera zonsezi. Ukwati wawo unali umenewo mpaka zinakwana zaka zisanu chiwolokereni a Bien, ndipo Lua pepala lija sanasaine.

M'mwezi wachitatu wa 1959 a Bien anagwidwa malungo aakulu. Anawanyamula pa machira kupita nawo kuchipatala cha kutali, ndipo pamlatho sanaonekenso masabata asanu. Sabata yachiwiri ali konko, apongozi anga aamuna anamwalira. Ndinamanga nsalu yoyera kumutu monga amachitira aliyense woferedwa. Nanga ndikanatani? Munthu anandilandira pakhomo pake, ndikanayenda mutu uli pamtunda ngati kwafa galu?

Pa 9 mwezi womwewo, maliro ataikidwa, ndinapita kudoko ndi mulu wa zochapa. Lua anali kutsidya. Ndinamuona akuyang'ana pamlatho, pamene panali popanda wopenta, kenako akuyang'ana ine. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi m'madzi momwemo, zovala zili m'manja. Ine chitsiru ndinati waterereka pa ndere, ndipo ndinapitiriza kuchapa.

Patapita masiku anayi Lua anabweranso, atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanachape kanthu, ndipo buluku la mayi pamwala panalibe. Anaima moyang'ana mbali yathu, n'kuwerama katatu, n'kubwerera. Pamtunda wotero sungasiyanitse zovala za wolira mwamuna ndi za wolira apongozi, zonse zimangooneka mbuu. Ndinathamangira kunyumba ndikulira kuti mayi atisiya.

A Bien atabwerako kuchipatala, ataonda ngati bango, ndinawauza. Anapempha thabwa, n'kulembapo dzina la mayi ndi penti yotsala ya pamlatho. Tinaliika pa kathebulo ka makolo, ndipo chaka chilichonse tinkachita sadaka ya mayi: mpunga woyera, lubani, kugwada katatu. Atapeza mphamvu anabwerera pamlatho. Anagogoda chitini kawiri, kugogodanso, koma padoko panali akazi ena okhaokha.

“Mwina amutsekera,” ankatero. “Mwina maliro amulemera. Abwera.”

Anapenta zaka zina zisanu ndi zitatu, maso ali padoko. Anawaitana ku Hanoi kuti akapente sitima za pamadzi, kumene kunali mpunga wokwanira, anakana. Ine ndinawapezera mkazi wamasiye wabwinobwino, wa dimba lake, anakananso.

“Achimwene, mukalamba ndi burashi m'manja,” ndinawakalipira tsiku lina. “Munthu wake sakubwera, simukuona?”

“Akadzabwera n'kupeza pamlatho pali wina, adzaganiza chiyani?”

“Adzaganiza kuti munali ndi nzeru.”

“Wanena chiyani?” anafunsa, atatchera khutu. Zimkuzamawu zija zinali zitawagonthetsa khutu limodzi, koma ndikhulupirira kuti tsiku limenelo anamva bwinobwino.

Mu 1967 ndege za Aamerika zinagwetsa mlathowo. Theka lathu ndi theka lawo zinagwera m'madzi limodzi, ndipo a Bien anangoti, “Penti yake inali isanaume.” Midzi ya kutsidya anaisamutsa pa malole n'kuitentha, moti doko lija linamera udzu. Ife tinalowa pansi, m'mauna okumba ndi makasu, tikukhala ngati mbewa. Za zaka zimenezo sindifuna kunena zambiri. Mwamuna wanga ndi mwana wanga wachiwiri anatuluka kukakumba mbatata, sanabwerenso.

Nkhondo inatha mu 1975. Zala ziwiri zija zinasanduka zaka makumi awiri ndi chimodzi. Anthu ankavina m'misewu, ife awiri tinawoloka pa mlatho wa migolo kukafuna Lua. Pamene panali mudzi wathu tinapeza maenje a mabomba odzaza madzi. Tinafunsa m'misasa, m'misika, kwa asing'anga, miyezi khumi yathunthu, mpaka mayi wina wogulitsa mchere anatilozera kamudzi kena ka mumchenga, cha kunyanja.

Tinafika masana dzuwa lili paliwombo. Lua anali pabwalo akuyanika tsabola, tsitsi litayamba imvi. Atatukula mutu n'kuona a Bien, sanakuwe. Anaika lichero pansi bwinobwino.

“Mwabwereranji lero?” anafunsa motsitsa mawu. “Sadaka yanu ndi mwezi wamawa. Kodi chaka chatha tinaperewera kanthu?”

“Lua, ndine,” anatero a Bien.

Lua anayang'ana pansi, kumapazi kwawo, nthawi yaitali. Ankafuna mthunzi, pakuti mzimu ulibe mthunzi. Mthunzi unalipo, waufupi, pansi pa nsapato zawo za matayala. Pamenepo ndi pamene anakhala pansi, pa tsabola pomwepo.

M'nyumba munatuluka bambo wa mwendo umodzi, woyenda ndi ndodo, kumbuyo kwake ana anayi. Amenewo anali a Tich, ometa tsitsi, amuna a Lua. Anatilowetsa m'nyumba. Pa kathebulo ka makolo panali matabwa awiri oyandikana: lina la mayi, lina lolembedwa dzina la a Bien ndi tsiku la imfa yawo, pa 9 mwezi wachitatu, 1959. Pa thabwa la mayi panalembedwa 1968.

Ndinawerenga kawiri. Mayi anali moyo zaka zisanu ndi zinayi zonse zimene ife tinkawafukizira lubani. Ife tikuwaikira mpunga woyera pa kathebulo, iwo ankadya chinangwa chouma mumsasa. Ndipo anali mayi omwewo amene anamukwatitsa Lua. Akuti anamuuza kuti, “Mwana wanga wafa, iwe usafe naye. Saina pepalalo atisiye, ukwatiwe ndi wometa uja, ine ndidzakhala nanu.” A Tich anawasunga mayi mpaka kuwaika m'manda.

Lua anatembenukira kwa ine.

“Mlamu, nsalu yoyera ija munamangira ndani?”

“Apongozi anga aamuna.”

“Apongozi anu,” anabwereza. Bola akanandimenya mbama.

A Tich anathira tiyi.

“Achimwene,” anatero kwa a Bien, “ine ndinakwatira mkazi wamasiye. Sindinabe kanthu ka munthu. Chaka chilichonse ndimakugwadirani ndi mwendo umodzi womwewu, ana awa amakutchulani bambo aakulu. Tsopano mwalowa pakhomo ndi miyendo yanu. Ndiuzeni, nditani?”

Ine mtima unali m'mwamba. Boma linali la mbali yathu tsopano, ndipo a Tich mwendowo anautaya atavala yunifolomu ya kummwera. A Bien akanangolankhula mawu amodzi kwa akuluakulu a m'mudzimo, bamboyo akanapita kundende kumene anzake ambiri anapita. Zaka makumi awiri ndi ziwiri akudikira mkazi ameneyu, ndipo anali apo, kutalika kwa mkono umodzi. A Bien anayang'ana ana aja mmodzimmodzi, wamng'ono atakakamira chovala cha mayi ake. Kenako anayang'ana chitseko.

“Anakupenterani ndani chitsekochi?” anafunsa. “Anachulutsa mafuta. Mvula ikabwera chisuluka.”

M'mawa mwake anachipala n'kuchipentanso, tinanyamuka.

Tisananyamuke Lua anatiperekeza ku manda. Munthu akafera kutali mtembo osapezeka, kwathu timamukumbirabe manda n'kuikamo chovala chake, kuti mzimu ukhale ndi pofikira. Manda a a Bien anali pafupi ndi a mayi, osesedwa bwino. Lua anati pamene ankawasamutsa pa malole anafukula kabokosi kake n'kukanyamula pamiyendo, anthu ena atanyamula miphika.

“Munaikamo chiyani?” anafunsa a Bien.

“Malaya aja.”

A Bien anagwedeza mutu, n'kuwerama, n'kuzula kaudzu kamodzi kamene kanatsalira pambali.

“Nanga sadaka ya mwezi wamawa?” anafunsa Lua. “Nsomba ndinauza kale asodzi. Kuchitira sadaka munthu wamoyo ndi malodza, koma kuileka ndikuopanso.”

“Mumaphika chiyani?”

“Nsomba za mumphika wadothi, za tsabola wambiri. Zimene munkakonda zija.”

“Ndiye zaka zonsezi amadya ndani?”

“A Tich.”

“Musaleke,” anatero a Bien. “Ndizibwera kudzadya ndekha.”

Ndipo ankapitadi. Chaka chilichonse pa 9 mwezi wachitatu ankadzuka, kumeta ndevu, kukwera njinga ulendo wa theka la tsiku. Ankayamba kulambula pa manda a mayi, kenako pa awo. Kunyumba ana ankagwadira thabwa lija katatu, n'kutembenuka kugwadira mwini wake atakhala pamphasa. Ankadya nsomba zawo, a Tich n'kuwameta tsitsi ulere, dzuwa likapendeka n'kubwerera. Sanagonekonso ndi tsiku limodzi lomwe. Anthu a m'mudzimo anayamba ndi kuopa, kenako kuseka, kenako kuzolowera. Ankati, “Malemu afika, tenthetsani mpunga.”

Masiku ena onse a chaka ankakhala kuseri kwa khitchini yanga, akupenta mabwato ndi mabokosi a maliro monga kale. Ine ndi amene sindinapeze mtendere. Ndikaona nsalu yoyera, ngakhale yoyanika pa chingwe, ndinkakumbukira doko lija. Tsiku lina ndikupeta mpunga ndinalephera kupirira.

“Achimwene, bwanji simundikalipira? Tukwanani kamodzi kokha, ndipume. Ndine ndinakupherani ukwati.”

“Ukanavula nsaluyo, apongozi ako akanapita opanda wowalira,” anayankha osasiya kusakaniza penti. “Unachita mwambo. Lua anachita mwambo. Mayi anachita zanzeru. Walakwa ndani pamenepa?”

“Ndiye ndikufunsa inuyo. Walakwa ndani?”

“Kafunse amene ankatigulira penti.”

Anthu amenewo sindinawaonepo. Ndimamva kuti pambuyo pake anagwirana chanza, ndipo masiku ano amagulitsana katundu. Zidzukulu zawo ndi zimene zimabwera pa mabasi. Mlatho anaumanganso, n'kuupenta mitundu iwiri dala kuti alendo aone mmene zinalili. Ine ndikamadutsa pamenepo ndimayang'ana kumbali.

A Bien anadwala chifuwa mu 1997, m'mwezi wachisanu ndi chitatu. Madokotala anati ndi fungo la penti la zaka zonse zija. Ataona kuti zafika, anandiitana.

“Sen, usavutike ndi kukumba. Manda ndili nawo kale. Ndipo tsiku la sadaka musasinthe, likhale lomwe lija.”

“Tsiku labodza limenelo?”

“Si labodza. Ndinangochedwa kumva ine.”

Tinawanyamula pa lole kuwoloka Ben Hai, m'bokosi limene anadzipentera okha. A Tich, atakalamba zedi, anaima pa ndodo yawo akulangiza okumba kuti asaswe kabokosi kakale. Anakapeza katafumbwa. Nsalu yonse inali itadyeka, munangotsala mabatani asanu a chigoba.

Lua anagwada, n'kuwatola limodzilimodzi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya nsalu yoyera imene anamanga kumutu kachiwiri chifukwa cha munthu mmodzi yemweyo. Anapempha kuti atsegule bokosi pang'ono. Anawaika m'dzanja la a Bien, dzanja la penti m'zikhadabo, n'kulifumbatitsa.

“Si awa,” anatero. “Ndinakuuzani kuti mudzawapeza.”